Makope a Mitambo

Lolemba m'mawa khadi la Lusubilo Kayange linakana kutsegula chitseko cha labu. Analigunditsa pakabokosi ka pakhoma, kanyali n'kuyaka kofiira. Analipukuta pasiketi, kuyesanso, kofiira komweko. Zaka zitatu zathunthu akulowa pachitseko chimenechi, lero ati sichikumudziwa.

Amene anatsegula cham'kati anali Chilekwa, mnzake wa ku Zambia yemwe ankachita naye limodzi kafukufuku wa digiri ya udokotala. Koma sanatsegule monga atsegulira munthu wolandira mnzake ayi. Anangotulutsa mutu, thupi litatseka mpata wonse, maso akuthawathawa.

"Ba Lusu, simunaone imelo? Manje muno mungena chabe bantu ba pasipoti ya kuno. Yendani mukaonane na ba Paterson."

Chilekwa anali atalandira unzika wa Australia chaka chathacho, ndipo mpunga wa paphwando lake anaphika ndi Lusubilo yemweyu. Koma anthu! Lusubilo anatembenuka n'kulunjika ku ofesi ya pulofesa, nsapato zikumveka khonde lonse.

Nkhani inali iyi. Padenga la nyumba ya dipatimenti yawo, payunivesite ina mumzinda wa Perth, panali makina oyezera mitambo ndi nthunzi ya madzi imene imayandama mumlengalenga. Makinawo ankaponya kuwala kumwamba usana ndi usiku n'kumalemba m'kompyuta kuti mtambo uli patali bwanji, ndi wochindikala bwanji, mpweya wasenza chinyezi chochuluka bwanji. Ndiye kunabwera kampani ina yopangira zipangizo asilikali apamadzi. Iyo inkakonza njira yoti sitima zankhondo zizilankhulana ndi masetilaiti potumizirana kuwala kowongoka kwamphamvu kotchedwa leza, ndipo kuwala kotereko kukakumana ndi mtambo kapena nthunzi yambiri kumafera panjira. Asilikali ankafuna kumadziwiratu tsiku ndi ola limene thambo liwatseke pakamwa. Kampaniyo inalowa mu labu ndi manja awiri, lina lanyamula thandizo, linalo lanyamula loko.

A Harvey Paterson, pulofesa womuyang'anira, anali mkulu wamtali, wa imvi, wokonda kabudula ngakhale m'nyengo yozizira. Si munthu woipa ayi, tisawanamizire. Anamukhazika pansi, kumuthirira tiyi, n'kumufotokozera m'Chingelezi chawo chofatsa kuti zonse zimene makina analemba pa zaka zitatuzo tsopano zalowa m'gulu la zinthu zachitetezo cha dziko, ndipo munthu yemwe si nzika saloledwa kuziona. Anapepesa kawiri. Kenako anakanda m'mutu, kuyang'ana pawindo, n'kufunsa za makope.

Apa m'pofunika ndikuuzeni za makopewo. Lusubilo asanabwere kuno anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri pasiteshoni ya zanyengo kwawo ku Karonga, pansi pa a Mwenelupembe, mkulu wina wosaseka ndi munthu pantchito. Iwowo ndiwo anamuphunzitsa kuti woyeza nyengo amatuluka panja, kukweza mutu, kuligawa thambo magawo asanu ndi atatu ngati akudula chigumu, n'kulemba kuti magawo angati aphimbidwa, mitambo yake ndi yotani, ikuchokera kuti. Chizolowezi chimenechi sichinatsale pabwalo la ndege. Atafika ku Perth anagula makope a ana a sukulu m'sitolo ina ku Morley, dera limene ankakhala, n'kumakwera padenga kanayi pa tsiku, pensulo ili kukhutu. Loweruka ankayeza ali pakhomo pake. Lamulungu ankatuluka m'tchalitchi ulaliki uli m'kati, amayi anzake n'kumatsinana kuti uyo wapita kukaona ngati Ambuye akubwera. Anzake a mu labu ndiye ankamuseka poyera: zaka zino za masetilaiti, munthu wamkulu n'kumayeza mitambo ndi maso? Iye ankangoti zikomo n'kumalemba. Makope anakwana khumi ndi anayi.

Tsono makina aja anali ndi chilema chimene eni ake sankachidziwa. Kuno a zankhalango amatentha tchire mwadala kunja kukazizirirako, kuti moto wolusa wa m'chilimwe udzasowe chakudya. Utsi wake umakwera m'mwamba n'kuyalana mopyapyala, makina n'kumalemba kuti ndi mtambo. Koma mwana wokulira ku lupsa simungamunamize. Lusubilo ankaudziwa utsi ndi mtundu wake, ndi kufiira kwa dzuwa, ndi kuyabwa kwa kukhosi, ndipo tsiku lililonse lotere ankalemba m'mphepete mwa tsamba kuti utsi. Akatswiri a kampani atatenga manambala a makina anapeza kuti sakugwirizana. Mitu inawazungulira masabata atatu, mpaka Chilekwa, pakamwa pake posatsekeka paja, anawauza kuti pali munthu amene akudziwa masiku onse amene makinawo ananama. Makope osekedwa aja anasanduka golide tsiku lomwelo.

Ndipotu utsiwo ndi umene Lusubilo anadzera kuno. Anali ataona kwawo, mu Okutobala ndi Novembala tchire likamapsa, timakina totchipa tikupusitsidwa chimodzimodzi. Timakinato tikuona mitambo pomwe pali utsi, anthu kuuzidwa kuti mvula yayandikira, kuthamangira kudzala, chizimalupsa kungowaza kamodzi n'kupita, mbewu n'kupsera m'nthaka. Mayi ake omwe anadzalapo katatu chaka chimodzi. Buku lake la udokotala linali la kuphunzitsa timakina totere kusiyanitsa utsi ndi mtambo, ndipo msana wa bukulo unali makopewo.

A Paterson anaika zonse patebulo. Lolemba likudzalo, teni koloko, abweretse makope onse khumi ndi anayi n'kusaina chikalata. Makopewo akalowa m'kabati ya loko, ndipo iye sadzaloledwanso kuwawerenga, kuwakopera, kapena kuuza munthu zimene zilimo. Akatero amupezera mutu wina wa kafukufuku, wa fumbi la m'migodi ya kumpoto, ndi zaka ziwiri zoonjezera, viza n'kumayenda bwinobwino. Akakana, iwo sadzakhala ndi choti amuyang'anire, ndipo wophunzira wopanda womuyang'anira alibe malo payunivesite, wopanda malo alibe viza.

"Ndimve bwino, a Pulofesa," anatero Lusubilo. "Zimene ndinaona ndi maso angawa, n'kulemba ndi dzanja langali, ine mwini wake ndisadzazionenso?"

A Paterson anati lamulo sanapange ndi iwo.

"Nanga thambolo, nalonso mulitsekera m'kabati?"

Lusubilo anadzuka, tiyi uja n'kumusiya patebulo osamulawa.

Kunyumba, ku Morley, nkhani inafika pa chakudya chamadzulo. Mwamuna wake Rodwell anali mphunzitsi wa masamu kusekondale ku Mzuzu, koma kuno ankadula zitsulo za mafelemu a mawindo pafakitale ina ku Malaga, mumzinda womwewu, ndipo chilolezo chake chogwirira ntchito chinali chomangiriridwa ku viza ya mkazi wake. Mwana wawo Natalie, wa zaka khumi, Chichewa ankamva koma ankayankha m'Chingelezi cha m'mphuno cha kuno, ndipo anali atangosankhidwa kumene m'timu ya netibolo ya pasukulu. Lusubilo anadikira kuti mwanayo alowe kuchipinda kukalemba za kusukulu, n'kufotokoza zonse.

Rodwell anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti sakuonapo chovuta: asaine. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Dokotala wa fumbi ndi dokotala wa mitambo onse amavala mkanjo umodzi, ndipo kumudzi palibe adzafunse kusiyana kwake. Iye wasiya choko n'kumadzicheka zala ndi zitsulo zaka zitatu kuti mwana uyu adzakhale ndi poyambira, ndiye zonsezo zithere pa makope a ana a pulayimale? Ndipotu asilikaliwo akuteteza dziko lawo, ife alendo tikulowererapo chiyani?

Lusubilo anati iye alibe mlandu ndi asilikali. Akufuna kuwerenga, awerenge. Chimene chikumuwawa n'chakuti akufuna kuwerenga okha, mwini wake atamumanga nsalu kumaso. Sanasiye mayi ake okalamba ku Karonga kuti adzaphunzire fumbi la migodi ya eni.

"Mayi a Natalie," anatero Rodwell motsitsa mawu, "nyumba ino tikukhalamo atatu. Mukaiyatsa musadzati munali nokha."

"Ndamva, bambo a Natalie. Koma ndikasaina, amene muzidya naye patebulo pano sadzakhalanso ine."

Kuyambira tsiku limenelo ankangopatsana moni ndi mchere. Natalie anazindikira, ana sachedwa. Lachiwiri madzulo anavala diresi lake latsopano la netibolo n'kuzungulira nalo pabalaza kuti mwina wina aseke. Onse awiri anayamikira, aliyense payekha, osayang'anana. Mwanayo anafunsa mayi ake ngati adzabwere kudzaonerera mpikisano waukulu wa mu Seputembala, Lusubilo n'kuyankha kuti tidzaona, ndipo mawu amenewo anamuwawa m'kamwa.

Lachitatu anakwera basi ya mu Stirling Highway kukaonana ndi loya wothandiza ophunzira, mayi wachikulire wokhalira kukweza magalasi pachipumi. Lusubilo anamufunsa funso limodzi lokha: makopewa ndi a yani? Loyayo anawerenga mapepala ake onse a sukulu, kufunsa kuti anagula makopewo ndani, anamutuma kulemba ndani. Palibe anamutuma, ankachita kumuseka. Ndiye anamuuza kuti malinga ngati sanasaine, makopewo ndi ake ngati nsapato zake, ndipo chinthu chimene chaikidwa kale poyera kuti aliyense aone palibe angachiikenso loko. Koma anawonjezera kuti lamulo likhoza kukhala kumbali yake, chokhacho lamulo siliyang'anira ophunzira, ndipo silisainira munthu viza.

M'basi yobwerera ndi mmene anawakumbukira bwino a Mwenelupembe, mpaka manyazi kumugwira. Mkulu uja sankaphunzitsa zinthu ziwiri ayi, ankaphunzitsa zitatu: ona, lemba, tumiza. Ku Karonga ukangolemba, mphindi khumi zisanathe umayenera kukhala utatumiza pa wailesi kulikulu, likulu n'kupatsira maiko ena, ogwirizana ndi odana omwe, chifukwa mphepo ya lero kwa mnzako ndi mvula ya mawa kwako. Tsiku lina Lusubilo anachedwa kutumiza chifukwa cha maliro a pafupi, mkuluyo anamuuza pamaso pa anthu kuti nyengo yosatumiza ndi usipa wosayanika, mawa ndi wotaya. Nanga iye zaka zitatuzi wachita chiyani? Waona, walemba, n'kumaunjika makope pansi pa bedi, kudikira tsiku lodzatchuka nawo. Ndiye a kampani alakwa chiyani kufuna kubisa chinthu chimene mwini wake anabisa kale? Anadzikwiyira koopsa, ndipo pofika pasiteji ya Morley anali atadziwa chochita.

Pa intaneti pali nkhokwe zimene oyeza nyengo a maiko osiyanasiyana amaikamo zimene ayeza, aliyense n'kumatapa ulere. Vuto linali lakuti makope khumi ndi anayi ndi mizere yoposa zikwi zinayi, yonse ya pensulo, ndipo masiku anali atatsala anayi okha.

Padenga anali atamuletsanso kukwera, choncho Lachisanu ankayeza thambo ataima poimika magalimoto. Chilekwa anamupeza pomwepo, manja ali m'thumba. Anapepesa za pakamwa pake, anati sankadziwa kuti zifika apa. Kenako anamuyang'anitsitsa, poti anali atakhala naye tebulo limodzi nthawi yaitali moti nkhope imeneyo ankaidziwa.

"Ba Lusu, vamene muganiza ivo, osachita. Bantu aba sibasobela. Elo mukaika pa intaneti, masoja bazabelenga chabe, ninshi mwapindula chani?"

"Awerenge," anatero Lusubilo osachotsa maso kumwamba. "Koma aime pamzere umodzi ndi mlimi wa ku Karonga. Tapatuka apo iwe, ukunditchinga kum'mawa."

Amene anamugwira dzanja anali Anti Margreth, namwino wamkulu panyumba ina yosamalira okalamba, yemwenso ankatsogolera amayi a kutchalitchi. Lusubilo anawafotokozera zonse osabisa, ndi za viza zomwe. Anti Margreth anafunsa ngati mwamuna wake akudziwa. Atamva kuti akudziwa koma sakufuna, ananena kuti kulemba amuthandiza, poti mutu umodzi susenza denga, koma za m'nyumba mwake asadzawatchule dzina.

Loweruka m'mawa Lusubilo anauza Rodwell kumene akupita ndi chimene akukachita. Rodwell anatenga Natalie kupita naye ku netibolo, chitseko cha galimoto n'kuchimenya mpaka galu wa kwa aneba kuuwa.

Mugalaja ya Anti Margreth munasonkhana amayi khumi ndi awiri, anamwino ndi osamalira okalamba, ena atangoweruka kumene, yunifolomu ili m'thupi, maso ali psuu. Malaputopu anawaika paliponse, pafuliji, patebulo lositira, wina pamiyendo. Anakhala awiriawiri, mmodzi kuwerenga, mnzake kutaipa: tsiku, ola, magawo a thambo, mtundu wa mtambo, utsi kapena ayi. Kwa anthu ozolowera zokhwatchakhwatcha za madokotala, dzanja la Lusubilo linali ngati buku la nyimbo. Ndipo poti ndi anthu odziwa kuti kulakwitsa nambala imodzi kumapha munthu, sankalola kudumpha mzere. Wina akakaikira ankaitana mwini wake kuti adzaone. Chakumasana mayi wina, Tupochile, anaimitsa mnzake n'kunena kuti tsiku ili ndi limene iye anachira kuchipatala, mwana wake wachiwiri uja, kani kunja kunalidi utsi? Iye ankayesa ndi chizungulire. Anaseka mpaka Anti Margreth kuwaopseza kuti mandasi awatsekera m'nyumba.

Cha m'ma folo koloko mzere womaliza unalowa, pamodzi ndi zithunzi za tsamba lililonse. Lusubilo anakhala pakompyuta, dzina lake lili pamwamba, batani lotumizira likumudikira. Apa ndiye mantha anamugwira, mantha enieni. Anaganiza za zala za Rodwell zodzaza zipsera. Anaganiza za Natalie, amene ku Karonga sangathe ngakhale kupempha madzi akumwa kwa agogo ake. Mwa amayi aja palibe anamuletsa, palibe anamukankha. Anadina. Kenako anatuluka n'kukalira kuseri kwa galaja komwe kunalibe womuona, n'kubwerako atasukusula kudzathandiza kutsuka makapu.

Lamulungu kutchalitchi aliyense anakhala benchi lake, mwana n'kumasinthasintha pakati pawo. Rodwell sanafunse ngati zatheka. Analibe chifukwa chofunsira, amayi khumi ndi awiri sasunga nkhani usiku umodzi.

Lolemba teni koloko anapeza anthu atatu akumudikira: a Paterson, mayi wa ku ofesi ya yunivesite atanyamula chikalata, ndi bambo wa kampani, wa suti yotuwa, yemwe anachita kubwera ndi bokosi lachitsulo loikamo makope. Lusubilo anakhala pansi chikwama chili pamiyendo, osachitsitsa. Anatulutsa kapepala n'kukakankhira pakati pa tebulo. Anati pamenepo pali adiresi ya nkhokwe ya pa intaneti. Zonse za m'makope zili kumeneko kuyambira Loweruka, akhoza kutapa mmene angafunire, ulere, monga atapira wina aliyense. Koma kusaina sasaina.

Bambo wa suti anatsegula foni, kuyang'ana, khosi n'kufiira mpaka m'makutu. Anamufunsa ngati akudziwa kuti tsopano aliyense, ndi adani omwe, akhoza kuona pamene makina awo amalephera.

"Ndikudziwa. Thambo ndinayezali limaphimbanso adani anuwo. Ine ndinaphunzitsidwa kuti nyengo ukaiona umatumiza. Ndinachedwa zaka zitatu, mlandu wanga ndi umenewo basi."

Bamboyo anatchula za maloya. Lusubilo anamupatsa dzina la wake, n'kumulembera ndi nambala ya foni yomwe. Mayi wa ku ofesi anabweza chikalata m'faelo mwakachetechete. A Paterson anapukuta kumaso ndi manja onse awiri n'kunena kuti mwachisoni sangapitirize kumuyang'anira, ndipo sakuona mnzawo aliyense m'dipatimentimo amene angayerekeze kumutenga kampani ili pomwepo. Kalata ibwera sabata yomweyo. Za viza, a ku ofesi amuuza masiku amene atsala.

Lusubilo atatuluka, a Paterson anamutsatira mpaka pamasitepe, n'kumuuza monong'ona kuti pa zaka makumi atatu za ntchito yawo sanaonepo zolemba za mitambo zosamalika ngati zimenezo. Lusubilo anaima n'kuwayang'ana m'maso.

"Mawu amenewo mukananena m'chipinda muja, a Pulofesa. Pamasitepe pano alibe ntchito."

Sanapite kunyumba. Anakwera mabasi awiri mpaka ku Malaga, chikwama cha makope chikumudula phewa, n'kufika pafakitale anthu ali pa nkhomaliro. Rodwell anali atakhala yekha pamulu wa matabwa kuseri, akudya buledi. Ataona mkazi wake ndi chikwama chodzaza, anasiya kutafuna. Lusubilo anaima patsogolo pake n'kumuuza zonse mmene zayendera, osachepetsa, osakometsa: udokotala watha, kalata ikubwera, atsala mwina ndi miyezi iwiri. Ananenanso kuti akudziwa chimene wawachita awiriwo, bambo ndi mwana, ndipo chikumupweteka, koma atati abwezedwe ku Loweruka lija akhoza kudinanso.

Rodwell mkwiyo unali usanamuchoke, unkachita kuoneka m'nsagwada. Anadzuka n'kulowa m'fakitale. Lusubilo anaganiza kuti basi, wamusiya pomwepo. Koma patapita kanthawi anatulukanso atakwapatira makatoni opinda, olimba aja obweramo magalasi, tepi yoyezera ili m'manja. Anamulanda chikwama, kutulutsa makope, kuwasanja pathabwa, kuyeza mulitali, mulifupi ndi msinkhu, n'kuyamba kudula katoni imodzi ndi mpeni wake wa pantchito. Ankadula mosamala, monga munthu wa masamu. Atatha anawalongedzamo onse khumi ndi anayi, anakwana ndendende, n'kumata pakamwa pake.

"Awa m'ndege mudzakwere nawo m'manja, asadzapite ku katundu wa pansi," anatero osamuyang'ana. "Makatoni enawa ndibwera nawo madzulo. Koma mwana akuweruka fili koloko. Mukamuuze nokha. Ine sindikakhalapo."

Lusubilo anayang'ana wotchi. Inali itangokwana kumene wani koloko. Ananyamula katoni ija n'kuisenza pamutu, azungu a pafakitale akumuyang'ana, n'kuuyamba wa kusiteji ya basi, akusanja mumtima mawu a Chingelezi oti akauzire mwana wake kuti kwawo si kuno.